Usiku Umene Ndinafika pa Muzu wa Foni

M'foni yanga yakale munali maola 11 a mawu a agogo anga aakazi. Ndinawajambula mu 2019 kumudzi kwathu ku Mchinji, kufupi ndi malire a Zambia, pamene ndinali kusonkhanitsa zitsanzo za kafukufuku wanga wa chaka chomaliza ku yunivesite. Ndinawafufuta ndekha usiku wina mu 2020, ndi chala changa chomwe, nditawerenga chenjezo lonse mpaka kumapeto. Palibe anandibera foniyo, sinagwere m'madzi, ndipo palibe kampani imene ndingailoze chala. Kwa nthawi yaitali nkhaniyi ndinkaisimba mwachidule chifukwa cha manyazi. Lero ndikufuna kuisimba yonse, abale anga, pakuti m'kati mwake muli funso la chiyankhulo limene silinandichoke m'mutu.

Agogo ankayankhula Chichewa chimene achibale athu a ku Chipata ndi ku Katete angachizindikire msanga. Pamene ife a m'tauni timati "ana" ndi "anthu", iwo ankati "ŵana" ndi "ŵanthu". Liwu la ŵ limatuluka milomo iwiri ikayandikana popanda kugundana, ndipo ndi limene lili pakati pa dzina la Malaŵi, ngakhale kuti m'nyuzipepala zambiri za lero kachipewa kake simukaonanso. Kafukufuku wanga anali wa liwu limeneli. Ndinkakhala ndi agogo pakhonde madzulo, foni ili pamphasa pakati pathu, ndipo poyamba ndinkawapempha kutchula mawu amodziamodzi katatu. Zimenezi zinkawatopetsa. Tikamaliza mndandanda, iwo ankayamba zawo: nthano, mayina a ndiwo zakutchire, malangizo a kuchinamwali amene ankaona kuti mwana wamwamuna angamve, ndiponso ulendo umene mayi awo anayenda pansi kupita ku Fort Jameson, dzina la Chipata la nthawi ya atsamunda. Ine ndinkangoisiya foni kuti izijambula.

Nditabwerera kusukulu, ndinadula tizigawo ta mawu amodziamodzi aja n'kutisamutsira mu laputopu kuti nditiyeze ndi Praat, pulogalamu imene Paul Boersma ndi David Weenink anapanga ku Amsterdam yoyezera maliwu. Tonse pamodzi tinali mphindi 40. Zotsalazo, nthano ndi mbiri, ndinazisiya m'foni poganiza kuti ndidzazilemba ndikadzapeza mpata.

Foniyo inali ya 16 GB, ndipo inadzaza. Tsiku lililonse inkandidandaulira kuti malo atha, pamene m'kati mwake munali mapulogalamu amene sindinawaitane, amene anabwera nayo kuchokera kufakitale. Ndikafuna kuwachotsa, inkangondilola kuwagoneka. Chinanso chinkandiwawa. Pa mndandanda wa ziyankhulo za foniyo panali Kiswahili, isiZulu, Afrikaans ndi Amharic, koma chathu panalibe. Mayi anga amawerenga bwino Chichewa, koma foni ikawafunsa funso m'Chingerezi amadikira mwana kuti abwere. Ndinkakhulupirira kuti penapake m'kati mwa makinawo muli khomo lotsekedwa, ndipo ndikalitsegula foni idzayankhula monga timayankhulira kwathu. Sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19 mu March 2020, ndinapeza nthawi yochuluka, ndipo ndinayamba kuwerenga za chimene amachitcha root.

Kwa amene simunazilowe zimenezi, ndifotokoze pang'ono. Foni za Android zinamangidwa pa maziko a Linux, imene Linus Torvalds anaiyamba mu 1991 potsatira kachitidwe ka Unix, ndipo Unix inabadwira ku Bell Labs ku America mu 1969. M'makina a mtundu umenewu mafayilo onse amasanjidwa ngati mtengo: pali malo amodzi oyambira, olembedwa ndi kamzere kopendekeka, ndipo nthambi zonse zimaphuka kuchokera pamenepo. Malowo amatchedwa root, ndiye kuti muzu. Dzina lomwelo linapatsidwanso kwa wogwiritsa ntchito mmodzi yekha amene saletsedwa kanthu, amene nambala yake ndi 0. Ameneyo angathe kuwerenga, kusintha kapena kufufuta fayilo iliyonse. Ukagula foni m'sitolo sukhala iyeyo. Umakhala ngati mlendo wolemekezeka: akupatsa chipinda, mphasa ndi madzi osamba, koma kunkhokwe sufikako. Zifukwa zake zilipo ndithu, pakuti pulogalamu yachinyengo ikapeza mphamvu za muzu ingathe kuwerenga mauthenga ako onse ndi zinsinsi za ndalama zako. Koma kwa munthu amene anagula foni ndi ndalama zake, kuuzidwa kuti m'nyumba mwake muli chipinda chimene saloledwa kulowamo kumapweteka.

Ife amene tinaphunzira galamala timaudziwa muzu mwa njira ina. M'mawu akuti "tinaphikirana", ukachotsa ti-, -na-, -ir-, -an- ndi -a, umatsala ndi -phik-, kanthu kamene palibe amakatchula pakokha koma kamene mawu onsewo aimirapo. Zaka zinayi ndinaphunzitsidwa kusenda mawu mpaka kufika pamenepo. Ndikayang'ana m'mbuyo ndimaona kuti dzina la root ndilo linandikopa. Ndinkadziona ngati ndikupita kukachita ntchito imene ndinkaidziwa kale.

Kuti ufike pa muzu, uyenera kudutsa mlonda. Foni ikamayaka, kapulogalamu koyamba kudzuka kamatchedwa bootloader, ndipo ntchito yake ndi kuona ngati zimene zikufuna kuyendetsa foniyo zili ndi chidindo cha amene anaipanga. Chidindo chikasowa, mlonda amakana. Choncho choyamba ndi kumumasula. Umapita pa Settings, n'kugogoda kasanu ndi kawiri pa Build number, ndipo pamaoneka khomo lobisika la Developer options. M'menemo umalola OEM unlocking ndi USB debugging. Kenaka umalumikiza foni ku kompyuta n'kulemba lamulo la fastboot lomasulira. Zikatheka, umatenga kachigawo ka firmware kamene foni imadzukira, kotchedwa boot image, n'kukasintha ndi Magisk, pulogalamu imene John Wu anaitulutsa mu 2016, kenaka n'kukabwezera m'foni. Kubwezerako ndiko anyamata okonza mafoni pamsika amati kufulasha.

Ndinawerenga malangizo amenewa mobwerezabwereza kwa sabata yathunthu. Mantha anga onse anali pa chinthu chimodzi: kuti ndikalakwitsa fayilo, kapena magetsi akazima ndili pakati pofulasha, foni idzasanduka njerwa, monga amanenera, chinthu chosayaka chimene ungangopsinjira mapepala. Ndinaonetsetsa kuti firmware ndi ya mtundu weniweni wa foni yanga. Ndinatchaja foni ndi laputopu mpaka kudzaza. Ndinasamutsa manambala a anthu, ndinaona kuti zithunzi zili mu memore khadi, ndipo khadiyo ndinaitulutsa n'kuiika m'mbale yagalasi pa tebulo. Mumtima ndinati mawu a agogo ali m'khadi momwemo pamodzi ndi zithunzi. Sindinatsegule kuti ndione. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Usikuwo ndinali kunyumba kwa amalume ku Lilongwe, onse atagona. Nditalemba lamulo lija, foni inaonetsa chenjezo la zilembo zing'onozing'ono m'Chingerezi. Linkanena kuti ndikamasula bootloader, data yanga yonse ifufutika. Ndinkadziwa ngakhale chifukwa chake: anachita dala kuti wakuba asamasule foni ya mwini n'kuwerenga zimene zili m'kati. Ndinawerenga, ndinamva, ndinasuntha ndi batani la voliyumu, n'kuvomera ndi batani loyatsira. Ntchito yonse ya kufufuta sinatenge ngakhale mphindi ziwiri. Ndinapitiriza, ndinafulasha, foni inayaka bwinobwino, ndipo Magisk inasonyeza kuti zatheka. Ndinagona ndikumwetulira.

M'mawa mwake ndinabwezera khadi ija. Zithunzi zinalipo. Ndinatsegula pulogalamu yojambulira mawu, ndipo inali yoyera ngati mbale yotsukidwa. Ndinafufuza m'khadi foda ndi foda. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti pulogalamuyo inkasunga zojambula zake m'mimba mwa foni, osati m'khadi.

Tsiku lomwelo ndinapita kumsika, kwa mnyamata wina wokonza mafoni amene anzanga ankamutama. Anali pa kabenchi kodzaza ndi mafoni otsegulidwa mimba, ndipo anandimvetsera osasiya ntchito imene anali nayo m'manja.

"Achimwene, mwati munatsegula bootloader?"

"Eya, usiku wathawu."

"Ndiye pepani. Zimenezo zapita."

Ndinamuuza kuti ndinamva zoti pali mapulogalamu obweza zofufutika. Anaika pansi chida chake n'kundifotokozera modekha. Foni ngati yangayo, anatero, imasunga zinthu zitasokonezedwa dala, ndipo pali kiyi mmodzi amene amazimasulira. Pofufuta, foni imataya kiyiyo. "Ngakhale nditakumba n'kupeza zotsalira, zikhala ngati phulusa la kalata. Muliwerenga bwanji? Mukanabwera dzulo, bwenzi titayamba takopera." Sanandilipiritse kanthu. Ndinakwera minibasi ndili chete, foni yomvera malamulo anga onse ili m'thumba.

Tsono ndinapindulanji pa muzupo? Mapulogalamu osaitanidwa aja ndinawachotsa, koma malo sanawonjezeke monga ndinkayembekezera. Ndinaphunzira mochedwa kuti mapulogalamu obwera ndi foni amakhala m'chigawo chawochawo, chosiyana ndi chimene mwini foni amasungiramo zake, moti kuwachotsa sikukulitsa chipinda chako. Malo ambiri amene ndinawaona otseguka m'mawa umenewo anali malo amene munkakhala mawu a agogo. Pulogalamu ya banki nayo inakana kutseguka, chifukwa mapulogalamu a ndalama ambiri amafufuza ngati foni yatsegulidwa muzu ndipo saikhulupirira.

Nanga chiyankhulo? Makompyuta amatidziwa ndi zilembo ziwiri, ny, zochokera ku dzina la Nyanja. Malawi anasankha dzina la Chichewa mu 1968, Zambia ndi Mozambique anasunga la Chinyanja, koma m'kaundula wa makina tonse tili pa khomo limodzi. Ndi mphamvu zanga zatsopano ndinalamula foni kuti chiyankhulo chake chikhale ny-MW. Inavomera popanda kutsutsa, koma zolembedwa zake zinakhalabe m'Chingerezi. Android ikasowa mawu omasuliridwa m'chiyankhulo chimene wasankha, imabwerera ku mawu ake oyambirira. Khomo limene ndinkaliganizira lija linalipodi, ndipo ndinalitsegula, koma m'chipindamo munalibe kanthu. Palibe anabisa Chichewa m'foni yanga. Sichinalembedwemo n'komwe, ndipo kufulasha sikungaikemo chimene anthu sanakhale pansi n'kumasulira, chiganizo ndi chiganizo.

Mu December chaka chomwecho ndinapita kumudzi. Ndinazengereza masiku awiri ndisanaulule. Tsiku lachitatu, akusenda mtedza pakhonde, ndinati, "Agogo, mawu anu amene ndinajambula aja anafufutika."

Anandiyang'ana kwa kanthawi. "Anafufutika bwanji, ine ndikadali pano?"

Ndinayesa kufotokoza za foni, koma anandidula. "Iwe, bweretsa kachitsulo kakoko tiyambirenso. Koma zotchula mawu katatukatatu zija ayi."

Tinajambula maola atatu pa masiku anayi. Nthano anazisimbanso, ngakhale kuti zina zinatha mosiyana ndi poyamba, ndipo nditawafunsa anati nthano imatsata amene akumvetsera. Koma ulendo wa mayi awo wa ku Fort Jameson sunabwerenso wathunthu. Mu 2019 anatchula midzi imene anagonamo mmodzi ndi mmodzi, ndiponso nyimbo yosinjira imene anaiphunzira m'njira. Ulendo uno anakumbukira midzi iwiri, ndipo pa nyimbo anangong'ung'udza kamvekedwe kake, mawu atawathawa. Chaka chimodzi ndi chachitali kwa munthu wa msinkhu wawo. Anatisiya mu 2022, nthawi ya dzinja.

Ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chimene chenjezo lija silinandiimitse. Chingerezi ndimachimva bwino, ndipo mayeso ake ndinakhoza. Yankho limene ndafikapo ndi lakuti mawu akuti data ndi opepuka m'khutu mwathu. Tonse tikudziwa mmene timawagwiritsira ntchito: "data yandithera", "ndigawireko data", "data yakwera mtengo". Kwa ife data ndi bandulo ya intaneti, chinthu chimene chimatha Lachiwiri n'kugulanso Lachitatu. Mutu wanga unkadziwa kuti m'chenjezomo mawuwa akutanthauza zina, koma mtima sunanjenjemere, chifukwa m'moyo wanga wonse kutha kwa data sikunakhalepo maliro. Ngati ine, wa digiri ya ziyankhulo, ndinapunthwa pamenepa, nanga mayi anga? Nanga wogulitsa tomato amene foni yake yamufunsa funso lomwelo pamene mwana wake akuiseweretsa?

Taganizani chenjezo lomwelo litalembedwa motere: "Zonse zimene munasunga muno, zithunzi, mauthenga ndi mawu amene munajambula, zifufutika ndipo sizidzabwereranso." Sindinganene motsimikiza kuti ndikanaima, koma ndikukhulupirira kuti pa mawu akuti "amene munajambula" chala changa chikanazengereza, ndipo ndikanatenga khadi ija m'mbale n'kuiyang'ana. Chiganizo chimenechi chilibe mawu achilendo kapena opeka. Chili ndi mneni wakuti kufufutika, amene mwana aliyense wa sukulu amamudziwa kuchokera pa bolodi, ndiponso -nso wa kumapeto amene amatseka chitseko.

Musandimve ngati wodana ndi mawu obwereka. Kufulasha ndi Chichewa chabwino, ndipo umboni wake ndi wakuti mawuwa amalandira zonse zimene mneni wathu amalandira: foni imafulashidwa, munthu amakafulashitsa, mnzako amakufulashira. Anyamata a pamsika anawapatsa muzu, ndipo anamera. Vuto limabwera pamene mawu obwereka afika kwathu n'kutenga tanthauzo limodzi lokha, pamene makina akuwagwiritsabe ntchito m'tanthauzo lina. Pamenepo munthu amaganiza kuti wamva, ndipo kumva kotereku n'koopsa kuposa kusamva konse, pakuti amene sanamve amafunsa.

Sindikunenanso kuti kutsegula muzu wa foni n'kulakwa. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti amene wagula chinthu ayenera kuloledwa kuchitsegula. M'maiko athu foni siitayidwa pakatha zaka ziwiri. Imachoka kwa mkulu kupita kwa mng'ono, kenaka kumudzi. Opanga akasiya kuitumizira zokonza, njira imene imatsala ndi firmware yopangidwa ndi anthu odzipereka, monga LineageOS, imene inalowa m'malo mwa CyanogenMod kumapeto kwa 2016, ndipo simungaiike popanda kumasula bootloader. Ntchito zoterezi zimamasuliridwanso ndi anthu odzipereka. Ndiye kuti chipinda chopanda kanthu chimene ndinachipeza chija chili ndi chitseko chimene ife tingalowerepo, ngati tingagwirizane pa mawu.

Apa m'pamene ndikupempha nzeru zanu, inu a ku Chipata ndi ku Lusaka, a ku Tete ndi ku Angonia, a ku Harare ndi ku Johannesburg. Kodi root tiziti muzu basi, kapena tifune mawu osonyeza umwini, poti nkhani yake ndi ya mphamvu? Nanga chimene Angerezi amati backup? Ena amati kusunga, koma kusunga ndi kumene ndinachita ine, ndipo sikunandipulumutse. Ndimakumbukira kuti agogo akakolola ankasankha ngala zabwino za chimanga n'kuzipachika padenga la kukhitchini, pamwamba pa utsi, kutali ndi nkhokwe, kuti nkhokwe ikapsa kapena ikalowa anankafumbwe mbewu ikhalepo. Ankati kupatula mbewu. Kodi mawu amenewa angamveke kwanuko, kapena muli ndi ena oposa?

Kwa amene mukuganiza zofulasha foni yanu sabata ino, langizo langa ndi limodzi. Musanagogode pa Build number, koperani zonse mu kompyuta, kenaka tsegulani zimene mwakoperazo, muone zithunzi ndi maso anu ndipo mumvetsere mawu ndi makutu anu. Ngati muli ndi mawu a munthu wachikulire m'foni, atumizeni lero kwa m'bale wina wa kutali. Maola atatu a mu December aja ali m'malo atatu, ndipo amodzi mwa malowo ndi foni ya msuweni wanga ku Johannesburg.

Za mu 2019 ndinatsala ndi mphindi 40 zija za mu laputopu, mawu amodziamodzi opanda nthano. Nthawi zina ndimaziyatsa usiku. Pa kachigawo kena agogo amati "ŵana", n'kupuma, "ŵana", n'kupumanso, "ŵana". Pamenepo ndinachedwa kudula, moti kumapeto kwake kumamveka akuseka n'kufunsa kuti, "Kodi iwe, sunamve poyamba paja?"